Kachisi wa pa Phiri la Tirumala

Anthu a ku Kawale ndi ku Biwi amene amalawirira mbandakucha kukapemphera pa phiri la Bunda sangadabwe nazo za ku Tirumala, kum'mwera kwa dziko la India. Kumeneko, pamwamba pa phiri, pali kachisi wa Ahindu amene wakhalapo zaka zoposa 1,000, momwe amapembedzeramo mulungu wao wotchedwa Venkateswara.

Msewu wa galimoto ulipo, koma ambiri amasankha kuyenda pansi, nakwera makwerero oposa 3,000 opanda nsapato, pakuti kwa iwo kutopa kwa m'njira ndi mbali ya pemphero. Akafika, amuna ndi akazi omwe amameta mpala pokwaniritsa chowinda chao, monga atachira nthenda kapena atalandira mwana. Kenaka amaima pamzere maola ambiri kuti aone chifanizo cha mulunguyo kwa kamphindi chabe.

Mlendo wa chipembedzo china samubweza, koma ayenera kuvula nsapato, kuvala modzilemekeza, ndiponso kusaina chikalata chonena kuti amakhulupirira Venkateswara. Mkhristu kapena Msilamu wofuna kukaonako aganizire bwino za chikalatachi asananyamuke.