Kulimba kwa mtima ndi mapapo mwa anthu onenepa kwambiri

Kulimba kwa mtima ndi mapapo ndi mphamvu imene thupi lili nayo yokoka mpweya wa okosijeni, kuutumiza ku minofu kudzera m'magazi ndi kuugwiritsa ntchito pamene munthu akuyenda ndawala, akuthamanga kapena akupalasa njinga kwa nthawi yaitali. Mwa anthu onenepa kwambiri, omwe BMI yawo ndi 30 kapena kupitirira, kulimbaku kumagwirizana ndi zinthu za m'magazi zimene madokotala amayeza pofuna kudziwa chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko.

Kayezedwe kake

Munthu amathamanga pa makina atavala chophimba pakamwa ndi pamphuno, ndipo liwiro limawonjezedwa mpaka atatopa. Okosijeni wochuluka kwambiri amene wagwiritsa ntchito pa mphindi imodzi amatchedwa VO2 max. Nambalayi nthawi zambiri amaigawa ndi kulemera kwa thupi, n'chifukwa chake imatsika mwa munthu wonenepa.

Zimene magazi amaonetsa

Mafuta ochuluka, makamaka a m'mimba, amakweza mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides ndipo amatsitsa HDL, kolesterolo wothandiza kuchotsa mafuta m'mitsempha. Amachititsanso kuti thupi lisamamve bwino insulini, motero shuga amachuluka m'magazi. Komanso amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa kwa m'kati mwa thupi, ndipo chiwindi chimayamba kupanga puloteni yambiri ya CRP.

Minofu yozolowera ntchito imachita zosiyana ndi izi. Imayamwa shuga mosavuta ndipo imachotsa triglycerides m'magazi kuti ipeze mphamvu. Choncho mwa anthu awiri olemera mofanana, wolimba mtima ndi mapapo kawirikawiri amakhala ndi triglycerides, insulini ndi CRP yochepa, pamene HDL wake amakhala wokwererapo.

Kafukufuku

Mu 1999, Steven Blair ndi anzake a ku Cooper Institute mumzinda wa Dallas, ku America, anafalitsa zimene anapeza atatsatira amuna oposa 20,000 kwa zaka zingapo. Amuna onenepa koma olimba ankamwalira ochepa poyerekeza ndi amuna ochepa thupi koma osalimba. Mu 2016, bungwe la American Heart Association linalimbikitsa madokotala kuti aziyeza kulimba kumeneku monga mmene amayezera kuthamanga kwa magazi.

Malire ake

Kulimba kumachepetsa chiopsezo koma sikuchithetsa. Kolesterolo wa LDL, amene amatseka mitsempha, satsika kwambiri ndi masewera olimbitsa thupi okha, ndipo angafunike kusintha zakudya kapena kumwa mankhwala. Komabe magazi amatha kusintha ngakhale sikelo isanasunthe. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata.