Nyengo za Nyanja ndi Nyengo za Munda: Phunziro la ku Mbenji

Ife amene timagwira ntchito yofufuza za mbewu muno mu Pretoria tili kutali ndi nyanja, komabe usipa ndi utaka wouma umatipeza, pakuti Amalawi okhala kuno amauitanitsa pa mabasi ochokera kwawo. Nsomba zimenezi zimachokera m'midzi ya m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, imene anzathu a ku Mozambique amaitcha Niassa. M'midzi yotere munthu mmodzi yemweyo ndi msodzi ndiponso mlimi. Choncho mlangizi amene adziwa za kumunda zokha amaona theka chabe la moyo wa banja limene akulilangiza. M'nkhani ino tifotokoza m'mene chaka chimayendera kwa anthu a ku Chikombe, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira m'boma la Salima, amene amasodza pa chilumba cha Mbenji.

Lamulo la pa chilumba

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a derali akhala akutseka usodzi pa Mbenji chaka ndi chaka. Mu Disembala asodzi onse amachoka pa chilumba ndipo sabwererako kufikira mu Epulo, pamene mfumu imatsegula nyengo yatsopano ndi mwambo wothira nsembe kwa makolo. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo maukonde a maso ang'onoang'ono ndi oletsedwa. Wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Dongosololi linayamba kale kwambiri boma lisanakhazikitse makomiti a m'madoko, amene anayambira ku Nyanja ya Malombe mu 1993, ndiponso lisanabwere lamulo losamalira nsomba la 1997.

Phindu la kutsekaku limamveka tikadziwa kaswedwe ka nsomba. Utaka ndi chambo zili m'gulu la nsomba zimene yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kufikira atakhwima. Nsomba yotere siikira mazira ambiri, kotero khoka likaikoka ili ndi ana m'kamwa, mbewu yonseyo yatayika. Miyezi inayi yopumula imapatsa nsomba mpata woswana ndi kukula. Miyezi yomweyi ndiyo ya mvula, mphenzi ndi namondwe, pamene kukhala pa chilumba n'koopsa, ndiyonso imene munda umafuna manja ambiri. Bambo amene akanakhala pa bwato amapezeka akubzala, kupalira ndi kubandira.

Miyezi ya mwanaalirenji

Chilumba chikatsegulidwa mu Epulo, chimanga chimakhala chikuuma ndipo maungu, mtedza ndi mbatata zachuluka. Mu Meyi ndi Juni anthu amadula mpunga m'madambo. Mitundu ya Kilombero ndi Faya ndi yodziwika m'mbali mwa nyanja, ndipo malo ofufuzira za mpunga a Lifuwu ali m'boma lomweli la Salima. Pa doko pamadzaza mathandala oyanikapo nsomba, amayi amafutsa usipa, ndipo ogula ochokera ku Lilongwe amafika ndi madengu awo. Ndalama imayenda m'mudzi.

Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yozizira yochokera kum'mwera chakum'mawa. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo madzi a pansi penipeni sasakanikirana ndi a pamwamba. Mwera umakankhira madzi a pamwamba kumpoto, ndipo kum'mwera kwa nyanja madzi ozizira a pansi amakwera atanyamula chonde. Chondecho chimameretsa tizomera tosaoneka ndi maso, tizomerato timadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo tizilomboto ndito chakudya cha utaka ndi usipa. Tinganene kuti mwera ndiwo umathira manyowa m'nyanja. Koma mphepo yomweyi ikalimba, mabwato amatha masiku angapo ali kumtunda. Nthawi zina nyanja imaperekanso nkhungu, tizilombo touluka timene timaoneka ngati utsi pamwamba pa madzi. Anthu amazikola ndi madengu n'kuziumba timitanda ta ndiwo.

Miyezi ya usiwa

Vuto limabwera mu Januwale ndi Febuluwale. Chilumba chimakhala chotseka, mango atha, nkhokwe zapepuka, ndipo mtengo wa chimanga pa msika wakwera. Nsomba zogwidwa m'madoko ena zimavuta kuyanika chifukwa cha mvula, ndipo zambiri zimawola kapena kugwa mphutsi. Banja limene linamwaza ndalama za mu Juni limapita kukagwira ganyu m'minda ya eni, munda wake n'kulowa thengo. Msodzi wanjala ndiye amayesedwa kuponya ukonde usiku pamalo oletsedwa. Apa tikuona kuti lamulo la pa madzi limalimba kapena kufooka malinga ndi chimene chili m'nkhokwe.

Zimene mlangizi angachite

Choyamba, konzani maphunziro molingana ndi nyengo za mudzi. Amuna ambiri amapezeka pakhomo kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, ndipo iyi ndiyo nthawi ya minda yachionetsero. Nkhani yogula mbewu ndi feteleza ikambidwe pa doko mu Juni kapena mu Julayi, ndalama zikadali m'manja.

Chachiwiri, limbikitsani chinangwa. Chimachita bwino m'dothi la mchenga ndipo chimasungika m'nthaka kufikira tsiku limene chafunika. Mtundu wozuna wa Mbundumali, umene ena amati Manyokola, ungathe kudyedwa utangophikidwa. Mitundu yowawa iyenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa bwino isanasinjidwe ufa wa kondowole, chifukwa ili ndi poizoni. Mitengo yobzala idulidwe ku mbewu zopanda matenda okwinyitsa masamba.

Chachitatu, tetezani zokolola za kumunda ndi za m'madzi zomwe. Chimanga ndi mpunga ziume bwino zisanalowe m'matumba osalowa mpweya, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Nsomba ziyanikidwe pa thandala lokwera, osati pa mchenga. Kumene gulu lingakwanitse, zithando za pulasitiki zoumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa zimathandiza m'nyengo ya mvula.

Chachinayi, samalani nthaka ya kumtunda. Dothi lokokoloka m'minda limatsika ndi mitsinje monga Linthipe ndi Bua, limadetsa madzi ndi kukwirira malo oswaniranapo nsomba. Mpasa, imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswana, imafuna madzi oyera ndi miyala yopanda matope. Mizere yopingasa phiri, udzu wa vetiva ndi kusiya tchire m'mphepete mwa mtsinje zimapulumutsa munda wa mlimi ndi doko la msodzi nthawi imodzi.

Kwa anzathu a m'maiko ena

Ku Zambia boma limatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Ku Metangula m'chigawo cha Niassa amasodza m'nyanja yomweyi, ndipo ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete mabanja ambiri amadalira kapenta ndi nsomba zina. Miyambo ya ku Mbenji ndi ya eni ake ndipo siingasamutsidwe monga momwe ilili. Chimene chingatengedwe ndi kachitidwe kake: lamulo limene mudzi unapanga wokha, logwirizana ndi nyengo ya kulima, lakhala zaka zoposa 60. Mlangizi wa mbewu akhale pansi ndi mlangizi wa nsomba pamodzi ndi mfumu, alembe miyezi 12 ya mudziwo pa pepala limodzi, ndipo aone mwezi umene chakudya chimathera. Ntchito yawo iyambire pa mwezi umenewo.