Kujambula Oyimba Mosasokoneza Chipembedzo

Loweruka lina madzulo gulu la achinyamata oyimba ndi magitala ndi ng'oma linadzatisangalatsa m'tchalitchi mwathu kuno ku Angónia. Kamera inaperekedwa kwa ine. Ndinakaima kutsogolo kwenikweni, ndipo nditadina, kuwala kwake kunam'thobwa m'maso mtsikana wotsogolera nyimbo, mpaka anaphonya mawu. Manyazi anandigwira.

Komabe kujambula sitingakuleke. Ambiri a ife amene tinathawira ku Malawi pa nkhondo imene inatha mu 1992 tilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha makwaya a makolo athu. Ana akatifunsa, timangowafotokozera pakamwa. Samueli anaimika mwala wa Ebenezeri kuti Aisraeli asaiwale thandizo la Yehova (1 Samueli 7:12). Chithunzi chabwino chingathe kugwira ntchito yonga imeneyo.

Tsono wojambula ayambe wapempha chilolezo kwa oyimba ndi kwa akulu a mpingo. Aime pambali, asatchinge anthu. Azimitse kuwala kwa kamera, najambule pamene nyale ikuwalira nkhope za oyimba, osati moyang'anizana ndi nyaleyo. Mumdima kamera imachedwa kutola chithunzi, ndipo dzanja likangonjenjemera nkhope zimatuluka zosadziwika. Choncho atsamire khoma, nadikire mphindi imene woyimba wakoka mawu ali chiimire. Ikafika nthawi ya pemphero, kamera ipumule.

Chithunzi chikatsukidwa, tilembe kuseri kwake chaka, malo ndi maina a oyimba, kuti adzukulu athu adzadziwe amene anatamanda Mulungu asanabadwe iwo.