Kodi mumadziwa kuti ku Lusaka zam'chimbudzi zimagulitsidwa ngati manyowa?

Ku Kanyama ndi ku Chazanga, zotapa m'zimbudzi zokumba zimasanduka manyowa ogulitsa komanso gasi wophikira.

Ntchitoyi inayambira ku Kanyama mu 2013 pansi pa Kanyama Water Trust. Anyamata ovala majombo ndi magolovesi amatapa chimbudzi chikadzaza, n'kuthira m'migolo yotseka bwino, n'kukankha pangolo mpaka kumalo osungira. Kumeneko zimalowa m'thanki yotsekeka, momwe tizilombo timaziwoletsa ndi kutulutsa gasi. Matope otsala amayanikidwa padzuwa mpaka aume, fungo lithe.

Ntchitoyi ndi yofunika chifukwa ku Kanyama pansi ndi pathanthwe ndipo madzi ali pafupi, choncho kukumba chimbudzi china n'kovuta, ndipo chodzaza chikasefukira m'dzinja kolera sachedwa.

Amene ali ndi kapinga, maluwa kapena mitengo, kaya ku Woodlands kaya ku Chelstone, manyowawa amamuthandiza. Koma pa bedi la letesi kapena tomato wodyedwa wosaphika, ayi ndithu: mazira a njoka zam'mimba safa msanga ngakhale matope aume.