CIFUKWA CACE LAMYA ZAKALE ZA M'KOMBONI ZIKANA MASAMBA ENA A PA INTANETI

Anthu ambiri okhala m'komboni ya Chipata, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, pamodzi ndi anansi ao a ku Mandevu, Marapodi ndi Kabanana, ali ndi lamya za m'manja zimene anagula kwa munthu wina kapena analandira kwa mbale wao wa nchito. Lamya zotere ziimba bwino ndipo zitumiza ndalama bwino, koma kuyambira m'caka ca 2024 zina mwa izo zinayamba kukana kutsegula masamba ena a pa intaneti. Mwini wace akafuna kuona tsamba la sukulu kapena la kampani kumene afunsira nchito, pagalasi pabwera mau a Cingerezi omcenjeza kuti njirayo si yocinjirizidwa. Ena amati lamya yalowa kacirombo, ena amati mabandulo atha, ndipo ena amapereka ndalama kwa wokonza malamya kuti aifafanize yonse ndi kuiyambanso. Pobwera nayo kunyumba apeza kuti bvuto liri pomwepo, koma zithunzi za ana ndi manambala a abale zapita.

Gwero la bvutoli liri kutali ndi Chipata, ndipo lidayamba kubvuta amisiri a makompyuta zaka zitatu lisanafike m'manja mwa anthu wamba.

Pamene lamya ifuna kulankhula mobisa ndi kompyuta yaikuru yosunga tsamba, imene amisiri amaicha seva, iyamba yafunsa citupa. Owerenga athu ocokera kum'mawa adziwa mayendedwe a kalata ya malo: nyakwawa ilemba, mfumu idinda, ndipo a ku boma abvomereza cifukwa cidindo ca mfumuyo acidziwa kale. Zitupa za pa intaneti ziyenda cimodzimodzi. Citupa ca tsamba cisainidwa ndi bungwe lapakati, bungwe lapakatilo lisainidwa ndi cidindo cacikuru, ndipo lamya iri yonse iturukira ku fakitale ndi mndandanda wa zidindo zazikuru zimene izidziwa. Cidindo cimene mulibe m'mndandandamo, lamya icikana ngakhale cikhale coona.

Nchito yofufuza zitupazi siicitidwa ndi pulogalamu imene munthu aiona pagalasi. Olemba mapulogalamu amabwereka zigawo zolembedwa kale ndi anthu ena, zimene m'cinenero cao amazicha library, ndipo yochuka kopambana pa nchito ya citetezo ndiyo OpenSSL. Library iri yonse ituruka ndi nambala yace, yatsopano ikonza zolakwa za yakale. Kufunika kwa manambala amenewa kudaoneka pa 7 April 2014, pamene kudalengezedwa kuti OpenSSL kuyambira 1.0.1 kufikira 1.0.1f inali ndi ciboo cimene adacipatsa dzina lakuti Heartbleed, comwe cinalola mbala kutapa zinsinsi m'seva popanda kusiya mapazi. Mankhwala ace anali kuika 1.0.1g. Cilembo cimodzi cokha cinasiyanitsa nyumba yotseka ndi yapululu.

Tsono m'caka ca 2015 lidayamba nchito bungwe la ku America lochedwa Let's Encrypt, limene lipereka zitupa kwaulere. Kale citupa cinali kugulidwa ndi ndalama zakunja caka ndi caka, kotero masukulu, mipingo ndi timakampani tating'ono, kuno kwathu ndi kwina konse, adalithamangira, ndipo lero masamba okwana mamiliyoni mazana angapo adalira ilo. Popeza linali lacilendo, cidindo cace, ISRG Root X1, cinalibe m'malamya. Lidapempha kampani ya IdenTrust kuti iliimire umboni ndi cidindo cace cakale, DST Root CA X3, cimene makina ambiri anacidziwa. Koma cidindo ca mboniyo cinali ndi tsiku lace lothera: 30 September 2021.

Lamya za Android zidayamba kudziwa cidindo ca Let's Encrypt pa nambala 7.1.1, imene idaturuka kumapeto a 2016. Mu November 2020 bungwelo lidaulula kuti pafupifupi lamya imodzi mwa zitatu ziri zonse za Android pa dziko lapansi inali ikali pa nambala yocepera pamenepo. Lamya zambiri zotsika mtengo sizilandira konse Android yatsopano kucokera kwa ozipanga, ndipo sitifunikira kuuza munthu wa ku Chipata kumene lamya zotere zimathera. Pofuna kuzipulumutsa, mwezi wotsatira adapangana ndi IdenTrust kuti iwasainirenso kwa zaka zitatu, kupyola tsiku lothera cidindo cace. Nzeru yace inali yakuti Android siiyang'ana tsiku lothera la cidindo cacikuru cimene iri naco kale m'mndandanda.

Apa ndipo padabuka mkangano weniweni. Pa 30 September 2021 lamya zakale zidapitiriza nchito monga mwa masiku onse, koma maseva ambiri m'maiko osiyanasiyana adaleka kulankhulana ndi anzao. Maseva ameneo anali ndi OpenSSL 1.0.2, imene inabwera pamodzi ndi CentOS 7 ndi Ubuntu 16.04, ndipo eni ace a OpenSSL anali ataleka kuisamalira kwaulere pa 31 December 2019. Library yakaleyi ikalandira mndandanda wautali wa zitupa inautsata kufikira kumapeto, nipeza cidindo cakutha, nikana zonse, ngakhale cidindo cabwino ca ISRG Root X1 cinali pomwepo pakati pa njira. OpenSSL 1.1.0 ndi zotsatira zace zinali kuima pa cidindo cabwinoco ndi kubvomereza. Motero mwini tsamba anali pamphambano: akatumiza mndandanda wautali akondweretsa lamya zakale nakhumudwitsa maseva akale, akatumiza waufupi akondweretsa maseva nataya lamya.

Wina angafunse kuti za maseva zimkhudza bwanji mai wogulitsa tomato pa msika wa Chipata, amene atumiza ndalama ndi kugula malaiti pongodinda manambala oyamba ndi kanyenyezi. Ndi zoona kuti njira imeneyo siifuna citupa m'lamya yace. Koma kuseri kwace, kompyuta ya sukulu kapena ya sitolo imene alipirako iyenera kufunsa kompyuta ya kampani ya ndalama ngati malipiro afika, ndipo makompyuta awiriwo aonetsana zitupa. Imodzi ikakana inzace, ndalama icoka m'lamya koma risiti siituruka, ndipo mai uja ndiye ayenda ulendo wa ku tauni kukadandaula.

Mmisiri wodziwa nchito yace akakomana ndi zotere sayamba ndi kusintha zinthu. Ayamba wawerenga mau a colakwaco mpaka kumapeto, pakuti citupa cakutha, cidindo cosadziwika ndi kusagwirizana kwa njira yobisira mau ndi matenda atatu osiyana. Ayang'ana tsiku ndi nthawi pa makina, cifukwa kompyuta imene koloko yace yasokonezeka iona citupa cabwino ngati cakutha. Kenaka ndi lamulo la openssl s_client aona mndandanda weniweni umene seva ya tsidya lija itumiza, osati umene mwini wace akhulupirira kuti itumiza. Pomwepo ndipo afunsa nambala ya library.

Pafunso limeneli ndi pamene ambiri amatayira masiku. Kompyuta imodzi itha kukhala ndi OpenSSL ziwiri kapena zitatu. Mmisiri alemba openssl version, aona nambala yatsopano, nakondwa, osadziwa kuti pulogalamu yace ya Python kapena PHP idamangidwa pa ina yakale imene iri m'kona mwina. Node.js iyenda ndi OpenSSL yaceyace, ndipo Java isunga mndandanda wace wa zidindo pa wokha, kotero kukonza mndandanda wa kompyuta yonse sikuikhudza. Ofunsidwa ayenera kukhala pulogalamu yodwalayo, kuti inene yokha library imene igwiritsa nchito. Pa bvuto la 2021 mankhwala anali apafupi kwa amene anapeza nthenda: kucotsa cidindo cakuthaco m'mndandanda wa seva, pamenepo OpenSSL 1.0.2 inaima pa cidindo cabwino, ndipo pambuyo pace kukonzekera kusamukira ku library yatsopano.

Kusamukako nako kuli ndi minga yace, cifukwa zigawo zimenezi zidalirana. Mu April 2023 library ya Python yochedwa urllib3 idaturutsa nambala 2.0, imene ikana kugwira nchito ndi OpenSSL yocepera pa 1.1.1. Amisiri amene adangolamula makina kuti atenge zonse zatsopano adadzuka mapulogalamu ao ataima, ndipo ambiri adabwerera ku 1.26 kuti apeze mpata wopuma. Patangopita miyezi isanu, pa 11 September 2023, OpenSSL 1.1.1 nayonso idaleka kusamalidwa kwaulere. Ndico cifukwa cace amisiri osamala amalemba m'fayilo nambala ya cigawo ciri conse, amayesa kusintha pa kompyuta yoyeserera, ndipo amasintha cimodzi cimodzi, kuti cikathyoka adziwe cathyola.

Pali mankhwala ena amene ife tiwatsutsa kotheratu. M'mapulogalamu ambiri muli kamzere kamodzi kouza library kuti ileke kufufuza zitupa. Mmisiri wopanikizidwa ndi bwana usiku wa malipiro akakalemba, zonse ziyamba kuyenda ndipo m'mawa ayamikiridwa. Koma kuyambira ora limenelo seva yace ikhulupirira ali yense woima pakati pa njira, ndipo manambala a marejisiti, a lamya ndi a ndalama za anthu angathe kuwerengedwa kapena kusinthidwa. Kamzereko kaikidwa kuti kakhale usiku umodzi, koma popeza palibe cidandaula, kakhala zaka. Lamulo la dziko lino la Data Protection Act la 2021 lipatsa wosunga mbiri ya anthu udindo wakuicinjiriza, ndipo kucedwa kwa malipiro a tsiku limodzi sikumcotsera udindowo.

Cipulumutso ca lamya zakale cidatha monga kudanenedwa. Pa 8 February 2024 Let's Encrypt idaleka kupereka mndandanda wautali kwa onse, pa 6 June idaucotseratu, ndipo pa 30 September 2024 siginecha ya IdenTrust idatha. Ndizo zimene anthu a m'makomboni adaona pagalasi. Panthawiyo uphungu unali wakuti aike Firefox, imene iyenda ndi mndandanda wace wa zidindo, koma uwo unathandiza pa masamba okha, osati pa mapulogalamu ena a m'lamya. Ife tiona kuti a masukulu, a zipatala ndi a maofesi amene atumikira anthu a ku Chipata, Kanyama, George ndi Chawama ayenera kusunga lamya imodzi yakale m'kabati ndi kuyesa tsamba lao pa iyo asanalengeze kuti zonse zicitike pa intaneti. Alipo mabungwe ena opereka zitupa amene zidindo zao ziri kale m'lamya zakale, ndipo kumene izo sizitheka, zenera la mapepala lisatsekedwe.

Kwa mwini lamya, coyamba aone ngati tsiku ndi nthawi ziri bwino. Caciwiri alowe mu Settings, pa About phone, aone nambala ya Android. Ikakhala yocepera pa 7.1.1, kuifafaniza sikudzathandiza, pakuti idzabwerera ndi mndandanda womwewo wa ku fakitale, ndipo ndalama ya wokonza ndi bwino kuisunga. Cenjezo likabwera asalilumphe ndi kulemba nambala yace yacinsinsi. Ndipo amene apita ku Katondo Street kukagula lamya yogwirapo kale nchito, asanaone kukongola kwa galasi ndi kukula kwa kamera, apemphe wogulitsa amtsegulire About phone ali pomwepo.