Chinjoka cha M'pepala Limodzi

Omvera athu, makamaka aphunzitsi ndi ana a sukulu a kwa Malama ndi m'chigwa chonse cha Luangwa, tisanalowe m'nkhani ya lero ndikupemphani kuti yense atenge pepala lotha ntchito. Lipindeni pakati, mulipindenso kachiwiri monga mupindira kalata, kenaka mulifunyulule. Pakati penipeni pa pepalalo pakumana mizere inayi. Mukaipenyetsetsa muona kuti ina yatumphuka monga mtumbira wa m'munda, ina yalowa pansi monga ngalande. Wotumphuka tiutcha phiri, wolowa pansi tiutcha chigwa. Werengani tsono. Mupeza kuti itatu ndi ya mtundu umodzi, ndipo umodzi wokha ndiwo wa mtundu winawo. Bwerezani kakhumi ngati mufuna, simudzapeza mapiri awiri ndi zigwa ziwiri. Sungani pepalalo pafupi, tilifunanso.

Luso lopinda pepala mpaka lisanduke mbalame, chule kapena duwa litchedwa origami, mau a ku Japan ochokera ku ori, kupinda, ndi kami, pepala. Buku lakale lodziwika pa lusoli linasindikizidwa kumeneko m'chaka cha 1797. Koma amene analikweza ndi Akira Yoshizawa, wobadwa mu 1911 ndi kumwalira mu 2005, amene anakonza zizindikiro za mizere yodukaduka ndi mivi, zoti munthu wa chinenero chirichonse atsate popinda. Lamulo la akatswiri ambiri masiku ano nlouma: pepala likhale limodzi, la mbali zinayi zofanana, ndipo lumo lisalikhudze.

Pansi pa lamulo limeneli, Satoshi Kamiya, wobadwira ku Nagoya mu 1981, anatulutsa m'chaka cha 2005 chinjoka chotchedwa Ryujin 3.5. M'nthano za ku Japan, Ryujin ndi mwini nyanja, wolamulira madzi. Chinjoka cha kumeneko chiribe mapiko. Nchachitali monga nsato, ndipo chikumbutsa Napolo amene abale athu a ku Malawi amati anagumula phiri la Zomba mu 1946. Cha Kamiya chiri ndi nyanga, ndevu, mano, miyendo inayi ya zikhadabo zake, ndi mamba mazanamazana kuyambira kukhosi kufikira kumchira. Zonsezi zichokera m'pepala limodzi losadulidwa. Munthu wozolowera angathe kutha mwezi wathunthu akuchipinda.

Pali njira ziwiri zophunzirira chinthu chotere. Yoyamba ndiyo ya zithunzi zotsatana: pinda apa, tembenuza, pinda apo. Chinjoka china cha Kamiya yemweyo, Ancient Dragon, chinajambulidwa m'buku mwa njira imeneyi, ndipo masitepe ake aposa 270. Njira yachiwiri ndiyo nkhani yathu. Mwini luso afunyulula chinthu chake chonse, najambula pa tsamba limodzi mizere ikuluikulu imene yatsala pa pepalalo. Tsambalo ndiwo mapu a mipindo. Mapuwo akuuzani pamene mpindo uliwonse ukhala, koma sakuuzani woyamba ndi uti, wotsatira ndi uti. Ali ngati munthu amene wakupatsani dengu lomasula, nakuonetsani pamene nsungwi iliyonse inakhota, nati, lukanso. Amayi ndi abambo oluka mphasa ndi malichero amvetsa msanga vuto limeneli.

Ntchito iyamba ndi masamu, ndipo pano ndifuna tichedwepo. Chinjoka cha Ryujin 3.5 chimangidwa pa timabokosi monga ta m'buku la masamu, 96 m'litali ndi 96 m'lifupi. Pamodzi ndi timabokosi 9,216, ndipo kuti tioneke payenera kupindidwa mizere 95 choimirira ndi ina 95 chopingasa. Mukatenga pepala la masentimita 21, kabokosi kalikonse kangopitirira pang'ono mamilimita awiri, kosagwirika ndi chala cha munthu. Nchifukwa chake opinda chinjokachi amafuna pepala la mita imodzi kapena kuposa. Pa pepala la masentimita 144, kabokosi kakhala sentimita imodzi ndi theka.

Mwana wanzeru anena kuti, nditenga rula ndiyeze kabokosi kamodzikamodzi. Apo ndipo pagona msampha. Mukaphonya theka la milimita pa kabokosi kalikonse, pofika kumapeto mwaphonya mamilimita 48, pafupifupi masentimita asanu, ndipo mutu wa chinjoka sudzakumana ndi khosi lake. Njira yabwino ndiyo kulola pepala lidziyeze lokha. Kupinda pakati sikunama: mbali ikakhudza mbali inzake, mwapeza theka lenileni. Theka la theka lipereka zigawo 4, kenaka 8, 16, 32, 64. Koma 96 mulibe m'ndandandamu. Chinsinsi nchakuti 96 ndi 3 kuchulukitsa ndi 32. Muyenera kuyamba mwagawa pepala patatu, ndipo chigawo chirichonse muchipinde pakati kasanu.

Nanga kugawa patatu popanda rula? Ikani pepala la mbali zinayi zofanana patsogolo panu. Pindani mzere wochokera pa ngodya ya pansi kumanzere kufika pa ngodya ya pamwamba kumanja. Pezani pakati pa mbali ya pamwamba, muikepo kachizindikiro. Tsono pindani mzere wina wochokera pa ngodya ya pansi kumanja kufika pa kachizindikiro kaja. Pamene mizere iwiriyi yapingasana pali pa mtunda wa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera ku mbali ya kumanja. Si mwayi ai. Ndi lamulo la matirayango ofanana maonekedwe, lomwe lija ana a ku sekondale amaliloweza osadziwa ntchito yake. Mwa maganizo anga, mphunzitsi amene waonetsa zimenezi ndi pepala m'manja waphunzitsa koposa amene wadzaza bolodi ndi choko.

Timabokosi tikatha, wopinda ayamba kuwerenga mapu. Funso lake loyamba ndi lakuti, miyendo iri pati, nyanga ziri pati? Yankho linafotokozedwa bwino ndi akatswiri awiri, Toshiyuki Meguro wa ku Japan ndi Robert Lang wa ku America, amene buku lake Origami Design Secrets linatuluka mu 2003. Ganizani za mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Idya udzu mozungulira, ndipo kukula kwa malo odyedwawo kulingana ndi kutalika kwa chingwe. Chiwalo chirichonse chosongoka, kaya mwendo kaya nyanga, chidya pepala chimodzimodzi: nsonga yake ndiyo chikhomo, utali wake ndiwo chingwe. Mbuzi ziwiri sizingadye udzu umodzi, kotero malo a mwendo uwu sangalowe m'malo a mwendo uwo. Mbuzi yomangidwa m'mphepete mwa mpanda idya theka lokha la bwalo, ndipo ya pa ngodya idya gawo limodzi mwa anayi. Motero chiwalo chochokera m'mphepete mwa pepala sichitha pepala lambiri, ndipo chituluka chopyapyala, pamene chochokera pakati chikhala chochindikala ndi chovuta kuumba. Amene wadziwa zimenezi, akayang'ana mapu saonanso chipwirikiti cha mizere. Aona kuti apa mizere yathamangira pamodzi, ndiye kuti ndi chala. Apa pali timizere tobwerezabwereza monga mizere ya m'munda wa thonje, ndiye kuti ndi mamba.

Tengani tsono pepala lanu lija. Mapu ambiri saonetsa bwino kuti phiri ndi liti, chigwa ndi chiti, ndipo wopinda ayenera kudzipezera yekha. Malamulo awiri amthandiza. Loyamba lidziwika ndi dzina la Jun Maekawa: pa malo alionse a mkati mwa pepala pamene mizere yakumana, ngati pepalalo liyenera kugona lafulati, mapiri ndi zigwa zisiyana ndi ziwiri. Zitatu ndi chimodzi, monga munaona; kapena zinayi ndi ziwiri; kapena zisanu ndi zitatu. Kuchokera apa tidziwanso kuti mizere yokumana pamodzi singakhale itatu, isanu kapena isanu ndi iwiri. Mukawerenga mupeza isanu, dziwani kuti wina wabisala ndipo muufunefune. Lamulo lachiwiri ndi la Toshikazu Kawasaki, lokhudza mipata ya pakati pa mizereyo. Iyezeni m'madigiri mozungulira, muphatikize woyamba, wachitatu, wachisanu, kulumpha umodziumodzi. Yankho liyenera kukhala 180, ndipo yotsalayo ipereka 180 yomweyo. Pa kalata yanu mipata yonse inayi ndi ya madigiri 90, ndipo 90 kuphatikiza 90 ndi 180.

Musaganize kuti malamulowa atha vuto lonse. Malo alionse payekha angathe kukhala olondola, koma pepala lonse nkukanabe kugona, chifukwa pepala silingapyole pepala linzake. M'chaka cha 1996 akatswiri a masamu Marshall Bern ndi Barry Hayes anatsimikiza kuti kudziwa ngati mapu alionse angapindike kuli m'gulu la mafunso ovuta kwambiri, amene ngakhale kompyuta iribe njira yachidule yowayankhira. Wopinda akalephera tsiku loyamba asadziyese wopusa.

Chovuta koposa chibwera mizere yonse itakonzedwa. M'zinthu zazing'ono mupinda mpindo umodzi, muutsiriza, mupita ku wina. M'chinjoka simutero. Mipindo makumimakumi iyenera kutsekeka nthawi imodzi, chifukwa uliwonse udalira unzake, monga denga la nyumba limene phaso limodzi siliima lokha. Pepala lalikulu lija liyamba kukwinyika ngati malata, lidzuka patebulo, lioneka ngati lawonongeka. Wopinda alikankha pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse, akugwiriza zigawo zotha ndi zopanira zovala. Anthu ozolowera sayamba ndi pepala lalikulu. Atenga mapepala ang'onoang'ono, naphunzira mutu paokha, mwendo paokha, mamba paokha, kufikira zala zitaloweza. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndiulule kuti ine ndinayamba ndi nyuzipepala, ndiri ndi changu cha munthu wophunzira amene ayesa kuti adziwa zonse, ndipo inang'ambika ndisanafike pa mzere wa makumi atatu.

Nyuzipepalayo inandiphunzitsa kuti pepala liyenera kukhala lopyapyala ndi lolimba pamodzi. Kupyapyala kufunika chifukwa mpindo uliwonse wa pakati uwirikiza kuchindikala: mukapinda kasanu ndi kawiri muli ndi mapepala 128 osanjikizana. Kulimba kufunika chifukwa mzere umodzi upindidwa ndi kufunyululidwa kambirimbiri. A ku Japan ali ndi pepala lao lotchedwa washi, lopangidwa ndi luzi la khungwa la mtengo, la ulusi wautali, ndipo likumbutsa chiwondo chimene makolo athu ankasula ku makungwa. Kwathu kuno choyandikira ndi pepala lofiirira lokutira mabuku. M'chigwa muno muli adani ena. Kutentha kwa mwezi wa October kutulutsa thukuta m'manja, ndipo thukuta lifewetsa mizere. Pindani m'mawa, manja ali osamba ndi ouma. Nthawi ya dzinja chinyezi chilefula pepala, ndipo ntchito ya masabata atatu yosiyidwa pansi chiswe chiitha usiku umodzi.

Wina afunsa kuti, kodi zonsezi si masewera a ana? Koryo Miura, katswiri wa ku Japan, anakonza kapindidwe kamene katsegula chinthu chachikulu mwa kungokoka ngodya ziwiri, ndipo mu 1995 kanayesedwa m'mlengalenga pofunyulula chotengera mphamvu ya dzuwa pa chombo chotchedwa Space Flyer Unit. Robert Lang uja anathandizapo pa masamu a kapindidwe ka matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi ya galimoto.

Komabe sindikuuzani, aphunzitsi, kuti mawa muike chinjoka cha timabokosi 9,216 pamaso pa ana a giredi 6. Chimenecho chingowafooketsa. Ana a kwa Malama ali ndi mwayi umene mwana wa ku Tokyo alibe: aona ng'ona pa mchenga wa Luangwa, ndipo ena amvapo kwa akulu za ngaka, nyama ya mamba imene lamulo la dziko liiteteza kwambiri. Katswiri wa ku France, Éric Joisel, amene anamwalira mu 2010, anapinda ngaka yokongola ndi pepala limodzi. Mamba a ngaka asanjikizana monga udzu wofolera nyumba, lapamwamba kuphimba tsinde la lapansi, ndipo mamba a chinjoka cha Kamiya atero momwemo. Apangidwa ndi mipindo iwiriiwiri, phiri ndi chigwa moyandikana, yoyenda choimirira ndi ina yopingasa. Pamene yapingasana patsala kathumba kamene wopinda akasongola ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Ntchito ya sabata lino ndi iyi. Mwana aliyense adule pepala lokutira mabuku likhale la mbali zinayi zofanana, aligawe patatu mwa njira ija ya mizere iwiri, ndipo chigawo chirichonse achipinde pakati katatu. Apeza timabokosi 24 mbali iliyonse, pamodzi 576. Pamenepo apinde mizere iwiriiwiri choimirira, asiye mpata wa timabokosi tiwiri pakati, achite chimodzimodzi chopingasa, ndipo aone chimene chituluka pa mphambano. Akatha afunyulule pepala lonse, alembe mapiri ndi inki yofiira ndi zigwa ndi inki yabuluu, nawerenge pa mphambano zisanu ngati lamulo la Maekawa lasungika. Pepala lolembedwalo alipereke kwa mnzake wa kalasi lina amene sanaone kapindidwe kake, ndipo mnzakeyo ayese kulibwezera m'mene linaliri.