Nyumba za m'masewera a pafoni zili ndi amisiri ake

Ana ambiri ku Ulongué ndi ku Zóbuè amakonda masewera a pafoni, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mapiri, misewu ndi nyumba zimene amaziona m'menemo pali anthu amene amaziumba, nalandira malipiro.

Amisiri amenewa sagwira dothi ayi. Amaumba pakompyuta ndi pulogalamu monga Blender, imene inatsegulidwa kwa aliyense mwaulere m'chaka cha 2002. Wofuna ntchito kukampani ya masewera amayamba waonetsa zimene anaumba, kawirikawiri pa ArtStation, ndipo olemba ntchito amaweruza pomwepo.

Apa mpamene ambiri amagwa. Amaumba nyumba yosalala ngati simunagonemo munthu. Mmisiri wochenjera amaibwereranso: amaika mwaye kudenga la khitchini, amakumba pang'ono pansi pamene pamadontha mvula, amayeza chitseko ndi msinkhu wa munthu, ndipo amaonetsetsa kuti mithunzi yonse yagwera kumodzi motsata dzuwa. Amachotsanso zokongoletsa zimene wosewera sangazione, kuti masewerawo asalemere makina.

Nyumba imodzi yomalizidwa bwino imaposa khumi zosiyidwa panjira. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.